Njoka yakana kudya, titani?

Tikamayenda m'makomo kuno ku Kasungu, mafunso amene timakumana nawo ndi a masiku onse: mwana wakana phala, agogo atupa miyendo, bambo akutsokomola chiyambireni kusankha fodya. Koma m'zaka zapitazi tafunsidwa kawiri konse funso limene sitinaliganizirepo: njoka yakana kudya, titani? Ena mwa inu mwayamba kale kuseka. Nafenso poyamba tinatsala pang'ono kutero, koma tinaleka titaona nkhope ya mayi amene anabwera nalo.

Munali mu Julaye 2023, msika wa fodya ku Chinkhoma uli mkati. Mayiwa ndi amasiye, amalima fodya wa burley maekala awiri, ndipo feteleza wake amachokera kwa mwana wawo wachisamba amene amagwira ntchito ya m'nyumba ndi ya m'maluwa ku Johannesburg. Anatipatsa foni kuti timve tokha uthenga wa mwanayo. Mawu ake anali onjenjemera: "Amayi, abwana apita kunja ndi banja lonse, andisiyira njoka ya mwana wawo kuti ndiziyang'anira. Tsopano ndi sabata yachisanu isakudya. Ikafa, ine ntchito yatha. Mundifunsireko kwa anthu."

Kufunsira kwa anthuko n'kumene kunawonjezera vuto. Mayiwa anamvera uthengawo ali pamjigo, foni ili pokweza, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti mwana wa uje akuweta njoka ku Joni. Ena anati n'chifukwa chake nyumba ija inafoleredwa malata mwadzidzidzi. Ena anafika ponena kuti njoka yotere ikakana chakudya ndiye kuti ikufuna munthu wa pabanja. Mng'ono wake wa mnyamatayo anali atangodwala malungo sabata yomweyo, ndiye mutha kuona mmene nkhani inakomera pakamwa pa anthu. Tonse tikudziwa kumene mphekesera zotere zimathera m'dziko muno: nyumba kutenthedwa, okalamba kugendedwa. Choncho titakhala pansi ndi mayiwa, tinaona kuti odwala ndi atatu: njoka, ntchito ya mnyamata, ndi mbiri ya banja.

Safunsa anadya phula. Tinamuuza mnyamatayo kuti atumize chithunzi cha njokayo, ndiponso afufuze ngati abwana ake anasiya nambala ya dokotala wa ziweto. Inalipo, yomatidwa pafiriji, koma iye ankaopa kuimba poganiza kuti aoneka wolephera ntchito. Ife kuno tinapita ndi chithunzicho kwa aphunzitsi a sayansi a pasekondale yoyendera yapafupi, tinawerenga limodzi, ndipo zimene tinapeza zinagwirizana ndi zimene dokotalayo anamuuza ataimba.

Njokayo pa Chingerezi amaitcha ball python. Ndi msuweni wa nsato yathuyi, koma wamng'ono: kawirikawiri sipitirira mita imodzi ndi theka, ndipo zambiri sizifikako n'komwe. Ilibe ululu. Dzinalo linabwera chifukwa ikaopsedwa siluma kawirikawiri, imangodzikulunga ngati nkhata, mutu n'kuubisa pakati. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo mayiko amene akhala akuzigulitsa kwambiri kunja ndi Ghana, Togo ndi Benin. Kumeneko imakhala m'madambo ndi m'minda, masana imabisala m'mauna a mbewa ndi m'zulu, usiku n'kumasaka makoswe. Ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa anthu amaiweta m'mabokosi agalasi monga mmene ena amawetera mbalame kapena nsomba, ndipo yosamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30. Palibe chizimba pamenepo. Ndi chiweto chogula m'sitolo, cha risiti yake.

Ndipo pakati pa oweta njoka, mtundu umenewu ndi wotchuka ndi chinthu chimodzi: kukana chakudya. Imatha miyezi iwiri, itatu, nthawi zina kuposa theka la chaka isanalawe kanthu, kenaka tsiku lina n'kudya ngati palibe chinachitika.

Apa m'pamene ife anthu timasokonezeka, chifukwa timayeza njoka ndi muyezo wa thupi lathu. Thupi la munthu limakhala pa madigiri pafupifupi 37 usana ndi usiku, mu Okutobala ngakhale mu Juni, ndipo gawo lalikulu la nsima imene timadya limathera kusonkhezera moto umenewu. Njoka ilibe moto wakewake. Imabwereka kutentha kwa dzuwa, kwa mwala kapena kwa nthaka, n'chifukwa chake mumaziona zikuwothera dzuwa pachulu m'mawa. Poti sisonkhezera moto, nkhuni zake zimakhalitsa. Khoswe mmodzi amaikwanira njoka yaikulu ya mtundu umenewu kwa masiku 10 mpaka 14, nthawi imene ikudya bwino. Komanso kugaya chakudya kumafuna kutentha. Njoka ikameza khoswe thupi lake lili lozizira, khosweyo amayamba kuola m'mimba asanagayike, ndipo njoka imasanza kapena kudwala. Choncho ikamva kuzizira, imaleka yokha kudya. Kukana kumeneko n'kudziteteza.

Nsato yathu yakuno nayo imachita zomwezo, mwinanso kuposa. Professor Graham Alexander wa ku yunivesite ya Witwatersrand anatsatira nsato zakutchire kwa zaka zingapo ku Dinokeng, kumpoto kwa Pretoria, ndipo mu 2018 anafalitsa zimene anapeza: nsato yaikazi ikalowa nyengo yobereka imatha miyezi yoposa 6 osadya, ikufungatira mazira ake kuuna, ndipo imataya pafupifupi 40 peresenti ya kulemera kwake. Ana akaswa imakhala nawobe pafupifupi milungu iwiri. Titawawerengera mayi aja zimenezi, anangoti, "Kani nayonso ndi nakubala." Aka kanali koyamba kuwaona akumwetulira.

Tisanapitirire, chonde musatenge phunziro ili n'kupita nalo kwa mwana. Khanda likakana kuyamwa ngakhale tsiku limodzi, kapena mwana wamng'ono akamakana chilichonse, ngakhale madzi, kumeneko n'kothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Kudikira n'kwa njoka.

Tsono chinavuta n'chiyani ku Johannesburg? Mu Juni ndi Julaye kumeneko kumazizira kuposa kuno. Usiku kumatsika pansi pa madigiri 5, ndipo m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Bokosi la njokayo linali ndi kachipangizo kamagetsi kofunditsa pansi, koma chaka chimenecho magetsi ankathima maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse m'dziko lonselo. Eni nyumba atachoka, mnyamatayo, pofuna kusamala katundu wa abwana, ankazimitsanso chotenthetsera m'chipinda. Dokotala anamuuza kuti mbali imodzi ya bokosi izikhala pa madigiri 31 kapena 32, mbali inayo 25 kapena 26, kuti njoka izisankha yokha pokhala. Atayeza m'bandakucha anapeza 17.

Chachiwiri chinali changu cha mnyamata mwiniwake. Poopa kuti ifa, ankaitulutsa tsiku ndi tsiku, kuitembenuza, kuiyang'ana m'kamwa, ndi kuisunthira khoswe pamphuno m'mawa ndi madzulo. Anachotsanso kamphika kamene inkabisalamo kuti aziiona bwino. Taganizani: nyama imene moyo wake wonse ndi wa kuuna, mwaichotsera pobisala, mwaiyatsira getsi, ndipo chimphona chikuinyamula kawiri pa tsiku. Ngakhale inu nsima singalowe. Anali atafika poganiza zoikanula kukamwa ndi supuni kuti aikankhire nyama, monga timachitira ndi mwana wa mbuzi wofooka. Mwayi wake anayamba wafunsa. Kudyetsa njoka mokakamiza kumaivulaza kukhosi ndi kuiwonjezera mantha; imeneyo ndi ntchito ya dokotala, ndipo nayenso amaichita pokhapokha zina zonse zitakanika.

Malangizo amene anapatsidwa anali osavuta, ngakhale kuti kuwatsatira kunafuna mtima. Abwezeremo pobisala, ndipo pakhale pawiri, pena kofunda pena kozizira. Magetsi akathima afunditse bokosi ndi bulangete, kusiya mpata wa mpweya, ndipo aike botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo pambali pa bokosi, osati pathupi pa njoka, chifukwa njoka imapsa isanathawe. M'mbale musamathe madzi oyera. Aleke kuigwira. Chakudya ayese kamodzi pa masiku 10 kapena 14, usiku, nyali itazimitsidwa. Makoswe amene amagula kumeneko amakhala akufa kale, ouma ndi chisanu cha mufiriji, ndiye amafunika kuwasungunula bwinobwino ndi kuwafunditsa m'madzi otentherako, chifukwa njoka imeneyi ili ndi timaenje pamilomo timene imamvera kutentha kwa nyama. Khoswe wozizira kwa iyo ali ngati mwala. Ikakana, achotse, adikire ulendo wina. Ndipo asayerekeze kusiyamo khoswe wamoyo usiku wonse. Njoka yosafuna kudya sidziteteza, ndipo khoswe wanjala amaidya msana.

Koma langizo limene linatigwira mtima ife a zaumoyo ndi la sikelo. Kodi si zomwezo timawauza amayi mwezi ndi mwezi? Maso amanama, sikelo sinama. Mwana wa abwana uja anali ndi kabuku kamene ankalembamo kulemera kwa njoka yake, ngati khadi la kusikelo ya ana. Mu Meyi inkalemera magalamu 1,450. Mnyamata wathu ataiyeza mu Julaye anapeza 1,410. Milungu isanu osadya, yataya magalamu 40 okha. Oweta njoka ambiri amayamba kuda nkhawa ikataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kapena fupa la msana likayamba kutuluka ngati mtanda wa denga. Zizindikiro zina zofuna dokotala msanga ndi kupuma kolira ngati kamluzu, kupuma kukamwa kuli yasa, thovu kapena mamina kukamwa, zilonda m'kamwa, ndi tizilombo takuda tonga nthata toyenda pakhungu. Koma maso akachita mbuu ngati muli utsi, khungu n'kuzilala, musaope: ikufuna kufundula, ndipo pa nthawi imeneyo njoka zambiri sizidya.

Ife tinawonjezapo mbali yathu, imene ndi ya thanzi la munthu. Njoka, abuluzi ndi akamba amasenza tizilombo ta Salmonella m'matumbo mwawo popanda iwo kudwala, koma kwa munthu timayambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi. Makoswe a mufiriji aja nawonso amakhala nato. Titamufunsa kumene amasungunulira makoswe, anati m'kapu yaikulu ya kukhitchini, yomwe amamweranso tiyi. Tinamukalipira ngati mwana wathu. Ziwiya za njoka zikhale zakezake, zisatsukidwire mosambitsira mbale, ndipo akagwira njoka, bokosi kapena chakudya chake asambe m'manja ndi sopo asanagwire china chilichonse. Ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika asamaigwire n'komwe. Izi zikukhudza ambiri, chifukwa ana athu ochuluka amene ali ku South Africa akugwira ntchito m'nyumba za anthu, ndipo amapatsidwa ziweto zimene kwawo kuno sanazionepo, popanda wowalangiza.

Chovuta kwambiri kwa mnyamatayo sichinali botolo la madzi ofunda kapena sikelo. Chinali kuwauza abwana. Ankafuna kubisa mpaka njoka itadya. Tinamuuza kuti alembe uthenga tsiku lomwelo, anene masiku amene yakana, kulemera kwake, ndi zimene dokotala wanena. Yankho linabwera lalifupi: njokayo imachita zimenezi chaka chilichonse nyengo yozizira, anangoiwala kumuuza. Milungu isanu ya kusagona tulo, kuno mayi akunyozedwa pamjigo, chifukwa cha mawu awiri amene munthu anaiwala kunena ponyamuka. Sitikuwaweruza, koma olemba anzawo ntchito, ngakhale kuno kumaesiteti, azikumbukira kuti wantchito amaopa kufunsa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Njokayo inadya mu Seputembala, kutayamba kufunda, patatha milungu 13. Kuno tinapempha mayi aja kuti chithunzi cha bokosi lagalasi, kabuku ka sikelo ndi paketi ya makoswe ya m'sitolo tizionetse kwa anyakwawa ndi kwa amayi a pamjigo. Ambiri anaseka n'kuiwala. Awiri atatu mpaka lero amati pali chimene chikubisidwa, ndipo amenewo tinawasiya.

Funso lachiwiri linabwera mu Malichi chaka chino, fodya ali m'zigafa, ndipo yankho lake linali lina. Agogo ena anadabwa kuti anapiye awo akuchepa koma kabawi sakuoneka. Atafufuza anapeza kuti mdzukulu wawo wa Fomu 1 wabisa mwana wa nsato m'mgolo wakale kuseri kwa chigafa. Anamugwira pakati pa milu ya fodya, wautali wosakwana mita. Mnyamatayo anaona pa Facebook anthu akunja atakoleka njoka m'khosi, anamvanso kuti zimagulidwa ndalama zambiri. Milungu itatu anakhala akuponyamo anapiye, nsato osawakhudza. Atamva kuti ife tinathandizapo pa nkhani ya ku Johannesburg, anabwera yekha mwaulemu wake: "Ndimati mundiuzeko mankhwala oti iyambe kudya."

Tinamuuza kuti mankhwala ake ndi kuitulutsa. Njoka ya ku Johannesburg ndi chiweto, sidziwa moyo wina koma wa m'bokosi, ndipo kuitaya kutchire kungakhale kuipha. Koma iyi inabadwira kutchire. Mgolo wachitsulo masana umatentha ngati uvuni, usiku umazizira, mulibe pobisala, mulibe madzi, ndipo pamwamba pamasuzumira nkhope ya munthu. Nsato yotere imatha kukana chakudya mpaka kufa. Ndipo ikanati idye, vuto likanakula nayo limodzi, chifukwa nsato yakuno imapitirira mamita 4. Ululu ilibe, koma mano ake ndi okhota, amang'amba mnofu, ndipo bala lake limachita mafinya msanga. Yaikulu imameza mbuzi. Pakhomo pa ana aang'ono si malo ake.

Palinso lamulo. Kusunga kapena kugulitsa nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu m'Malawi, ndipo kuyambira 2017, pamene lamulo la malo osungira nyama ndi nyama zakutchire linakonzedwanso, zilango zinakhwima kwambiri. Pa nyama zotetezedwa koposa zimafika zaka 30 m'ndende. Ife okhala pafupi ndi Kasungu National Park tikudziwa kuti nkhani zimenezi si zongoopseza. Amene wapeza nyama yakutchire yovulala kapena yosungidwa pakhomo auze a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Ku Lilongwe kulinso Lilongwe Wildlife Centre kumene amalandira nyama zopulumutsidwa.

Koma chimene chinatiumitsa thupi n'chakuti mnyamatayo anaigwira ndi manja, madzulo, m'chigafa mopanda nyali. Nanga ikanakhala mphiri? Zonse ziwiri zili ndi mawangamawanga, zonse zimabwera m'zigafa ndi m'nkhokwe kutsata makoswe, ndipo zonse zimakhala phee munthu akayandikira. Mphiri ndi yaifupi, yonenepa, mutu wake ndi wotambalala, koma kumdima, pakati pa masamba a fodya, ndani angayeze zimenezo? Ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuoletsa mnofu, ndipo anthu amadulidwa zala, mikono ndi miyendo. Mu 2017 bungwe la World Health Organization linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha, ndipo olumidwa ambiri ndi alimi ndi ana awo. Ana auzidwe mosapita m'mbali: njoka iliyonse, yaing'ono kapena yaikulu, sagwira. Wina akalumidwa, musatemere, musayamwe bala, musamange chingwe cholimba. Muvuleni mphete ndi zibangili, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita kuchipatala msanga, osadikira kuti muone ngati kutupe. Kulowa m'chigafa usiku kumafuna tochi ndi nsapato, ndipo kulambula udzu ndi kuchepetsa makoswe pakhomo kumachepetsanso njoka.

Amuna ena a pamudzipo anabwera ndi makasu kuti aiphe. Agogo aja, ngakhale anali okwiya ndi anapiye awo, anakana. Anati kale nsato sinkaphedwa wamba, ndipo n'zoona kuti makolo a Achewa ankaipatsa ulemu, mpaka kuigwirizanitsa ndi nkhani za mvula ku kachisi wa Makewana ku Msinja. Ife chifukwa chathu chinali cha pamunda: nsato yaing'ono imadya makoswe omwewo amene amatiboolera matumba a chimanga ndi kutiwonongera fodya wosankha kale. Anyakwawa anatumiza uthenga kwa a zanyama zakutchire, ndipo podikira tinauza mnyamatayo kuti asunthire mgolo pamthunzi, aikemo mbale ya madzi pogwiritsa ntchito ndodo, avundikire bwino ndi chivundikiro chobowola, ndipo asasuzumiremonso.

Anabwera patatha masiku awiri ndi thumba ndi ndodo yokhota, n'kuitenga. Mnyamatayo anawaperekeza mpaka kumsewu, akufunsabe ngati ikadye kumene ikupitako. M'mgolo munatsala mwanapiye mmodzi wamoyo, wowonda, amene anakhala ndi nsato masiku anayi osakhudzidwa. Agogo anamutenga n'kumubwezera kwa make. Pa anapiye 9 anatsala 6, ndipo atatu enawo mdzukulu akulipira potunga madzi m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, mpaka fodya atagulitsidwa.